Manja Bii, Injini Mbee

Loweruka m'mawa ku Kabwata, chapafupi ndi msewu wa Chilumbulu, bambo wina wa imvi zapatalipatali wakhala pa chigubu chogoneka cham'mbali. Pakati pa miyendo yake pali beseni la madzi a sopo. Pa thabwa lomwe wasanjika pa maondo pali chivundikiro cha injini ya njinga yamoto, chomasulidwa kale, mabawuti ake ali m'chitini cha nsomba.

Akuviika kachidutswa ka sandipepa m'madzimo n'kumakwecha. Uku ndi uku, mzere umodzimodzi. Dzanja sakulizunguliza.

Madzi a m'beseni ayamba kutuwa. Posakhalitsa ada.

Mwini njinga, mnyamata woperekera katundu m'makomo, waima potero chipewa chake cholimba chili m'khwapa. Foni ikungolira m'thumba la jekete.

"Amdala, makasitomala akuitana."

"Aitane, bwana. Chitsulo sichimva foni."

Atatha kukwecha, mkuluyo akupukuta chivundikirocho, akufinya kapolishi kochepa pa nsanza ya sikipa yakale, n'kuyamba kutikita. Nsanza yomwe inali yoyera ikuda bii. Akutenga ina youma, akupukuta kawiri katatu, ndipo pamalo pomwe panali potuwa pakuonekera nthambi za mtengo wa mango womwe takhala pansi pake.

Ambiri akaona nsanza yakudayo amati ndi litsiro lomwe linabisala. Ayi ndithu. Chakudacho ndi aluminiyamu yemweyo, tizidutswa tosaoneka ndi maso tomwe tachoka pa chivundikiro. Aliyense wowalitsa njinga amakhala akuipala pang'onopang'ono.

Zaka zingapo zapitazo nkhani yotere sikanapeza malo m'nyuzipepala. Njinga yamoto mu Lusaka inali ya mlangizi wa zaumoyo, mesenjala wa pa ofesi kapena wapolisi wa pamsewu. Lero imani pa Cairo Road kapena Lumumba Road dzuwa likamapendeka muone. Magalimoto aima bata, madalaivala a mabasi akuliza mahutala opanda phindu, koma pakati pa mizere pakudutsa njinga zokhala ndi mabokosi kumbuyo, zonyamula nkhuku yokazinga, mankhwala, makalata ndi zipangizo za magalimoto.

Mzindawu uli ndi anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022. Milatho yodutsa pamwamba yomwe inamangidwa pa Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali inachepetsako kuthinana, koma sinakuthetse. Kuitanitsa zinthu pa foni kunakula m'nthawi ya Covid-19, ndipo makampani onga Yango, yomwe inalowa m'dziko muno mu 2022, anazoloweretsa anthu kudikira katundu pa geti. Kum'mawa, ku Chipata, Katete ndi Petauke, njinga zamoto zonyamula anthu zinafala kale, monga momwe kabaza anafalira kutsidya ku Malawi.

Njinga zikachuluka, ntchito zozungulira njinga nazo zimamera. Omata matayala, ogulitsa matcheni, osoka zishalo, otsuka. Ndipo pakati pa otsukawo pali kagulu kochepa komwe kanaphunzira kuti aluminiyamu ali ndi khalidwe lakelake.

Choyamba chomwe mkulu wa ku Kabwata uja amachita njinga ikafika n'kutulutsa maginito m'thumba, aja ochotsa m'sipika yakufa. Amawagunditsa apa ndi apo. Pomwe akakamira, n'chitsulo wamba. Pomwe agwa, n'kutheka kuti ndi aluminiyamu.

Pa njinga zambiri za ntchito, monga Bajaj Boxer, TVS HLX, Honda Ace ndi zina zochokera ku China, maginito amakakamira pa fulemu. Fulemu ya njinga zimenezi ndi yachitsulo chopaka utoto, ndipo woikwecha ndi sandipepa akungoitanira dzimbiri. Aluminiyamu ali pa zivundikiro za injini, pa mutu wa injini, pa mahabu a mawilo, pa zogwirira za buleki ndi kilatchi, m'munsi mwa mafoloko akutsogolo, ndiponso pa mawilo aja opanda masipoko.

Opanga njinga amamukonda chifukwa cha kupepuka. Chidutswa cha aluminiyamu chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chidutswa cha chitsulo chofanana nacho kukula. Amatulutsanso kutentha msanga, zomwe injini yoziziritsidwa ndi mphepo imafuna.

Nanga bwanji sachita dzimbiri lofiira?

Aluminiyamu akangokumana ndi mpweya amadziveka kakhungu kopyapyala zedi, kopangika iye akaphatikizana ndi okosijeni. Mukakapala, kena kamera pomwepo musanaphethire. Kakhunguka n'kolimba kuposa aluminiyamu mwini wake, ndipo kamamatirira. Dzimbiri la chitsulo limafufuma n'kusendeka, kusiya chitsulo china pamtetete kuti nacho chidyeke. Khungu la aluminiyamu limatseka njira.

Vuto ndi lakuti khungu lomwelo ndi limene limazimitsa kuwala. Likamakhuthala, likamasakanikirana ndi chinyezi, fumbi ndi mchere, chipangizo chimatuwa, kenako chimatuluka timadontho toyera tonga ufa. Kuwalitsa ndi kuchotsa khungulo ndi kusalaza pansi pake mpaka kuwala kwa dzuwa kuzibwerera mbali imodzi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mapolishi ambiri a zitsulo amakhala ndi ufa wosalala wa chinthu chomwecho chomwe chimapanga khungulo. Aluminiyamu amapalidwa ndi khungu lake lomwe.

Tsiku lomwe mwamaliza kuwalitsa ndi tsiku lomwe kutuwa kwayambiranso.

A ku fakitale amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kawirikawiri satulutsa aluminiyamu wamaliseche. Zipangizo zina amazipaka utoto wasiliva. Zina amaziwalitsa n'kuzikuta ndi vanishi woonekera mkati. Zina amaziviika mu asidi n'kudutsitsamo magetsi kuti khungu lachilengedwe lija likhuthale kwambiri, nthawi zina n'kulilowetsa mtundu wagolide, wakuda kapena wabuluu. Njira yomalizayi amaitcha anodizing.

Kudziwa chomwe chili pamwamba n'kosavuta. Pakani kapolishi pamalo obisika. Nsanza ikada, aluminiyamu ali poyera. Ikakhala yoyera, pali chokuta, ndipo mutha kutikita mpaka dzanja kutupa osaona kusintha.

Apa m'pamene ambiri amalakwira. Vanishi wa pa zivundikiro za injini akakalamba amachita chikasu, amang'aluka, ndipo chinyezi chimalowa pansi pake n'kumayenda ngati tinjira ta chiswe. Mwini njinga amagula polishi wodula n'kumapaka pamwamba pa vanishi wowolayo. Palibe chimachitika. Vanishiyo ayenera achoke yense, ndi mankhwala ochotsera utoto kapena ndi sandipepa, ntchito isanayambe.

Akachoka sabwerera yekha. Kuyambira pamenepo, nsanza ndi polishi zasanduka ngongole ya mwezi ndi mwezi.

Lusaka ili ndi mwayi umodzi waukulu pa nkhani ya aluminiyamu: nyanja yamchere ili kutali. Ku Beira, Dar es Salaam kapena Durban, mphepo yokha imadya zitsulo. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo miyezi yambiri mpweya ndi wouma. Sitithiranso mchere m'misewu monga amachitira ku Ulaya m'nyengo ya chisanu.

Koma tili ndi adani athu.

Woyamba ndi fumbi. Pitani ku Chelstone mu Ogasiti kapena Seputembala, mphepo ikamaomba. Great East Road ndi ya tala, ndipo misewu yambiri ya m'kati inakonzedwa pa ntchito ya L400 yomwe inayamba mu 2013, koma woperekera katundu samathera pa tala. Amakhotera m'tinjira ta m'maploti atsopano, momwe muli milu ya mchenga wa omanga nyumba ndi matumba a simenti ong'ambika. Akamabwerera, injini yavala bulangete lofiirira.

Fumbi limenelo lili ndi timchenga tolimba kuposa aluminiyamu. Mnyamata wokonda njinga yake amatulutsa kansanza kouma pa malo oimikira n'kupukuta mwachikondi, osadziwa kuti akukanda. Akachita zimenezi kwa miyezi ingapo, chivundikiro chimadzala timizere tozungulira tomwe timaoneka bwino dzuwa likaomba cham'mbali. Lamulo la odziwa ndi lachidule: madzi ayambe, nsanza itsatire.

Tsono madziwo ndiye mdani wachiwiri.

Mzinda wa Lusaka unakhala pa thanthwe la miyala ya laimu. N'chifukwa chake kum'mwera kwa mzindawu, ku Chilanga, kuli fakitale ya simenti kuyambira m'nthawi ya atsamunda, ndipo n'chifukwa chake mumaona anthu akuphwanya miyala yoyera m'mbali mwa misewu. Gawo lina la madzi a mumzinda limapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Kafue, koma gawo lalikulu limachokera pansi, m'zitsime zobowola, ndipo limabwera ndi laimu wosungunuka. Aliyense wokhala ndi ketulo ku Woodlands kapena Chalala amadziwa zoyera zomwe zimakakamira pansi pake.

Dontho la madzi oterewa likauma lokha pa aluminiyamu wowalitsidwa, makamaka injini ikadali yotentha, limasiya kamphete koyera. Mukatsuka njinga n'kuisiya padzuwa kuti iume yokha, mwaipatsa madontho mazanamazana. Otsuka osamala amapukuta msanga ndi nsalu yofewa, ndipo ena amasunga madzi a mvula m'zigubu kuti azitsukuluzira pomaliza.

Mdani wachitatu amagulidwa ndi ndalama. M'malo ambiri otsukira magalimoto muli zigubu za mankhwala ochotsera girizi opanda dzina, osakaniza pomwepo. Ena mwa mankhwalawa amakhala ndi soda wamphamvu uja wopangira sopo ndi wotsegulira mapaipi otsekeka. Pa chitsulo wamba amagwira ntchito bwino. Pa aluminiyamu amadya. Amachita thovu, amatulutsa mpweya wa haidrojeni womwe umayaka, ndipo m'mphindi zochepa amasiya chipangizo chitada mawangamawanga. Amatha kusenda ngakhale khungu lolimba lija la ku fakitale. Mankhwala a asidi otsukira mawilo ndi aja oyeretsera zovala nawonso sagwirizana naye.

Palafini pang'ono pa girizi wouma, kenako madzi ndi sopo wofatsa wotsukira galimoto kapena mbale. N'zokwanira.

Tonsefe kuwalitsa aluminiyamu tinakuonera pakhomo, pa mapoto. Mayi wa m'komboni satuluka ndi poto wakuda kukamuyanika pa thandala anzake akuona. Amamukwecha ndi phulusa, mchenga kapena waya wotsukira mpaka awale. Anyamata ambiri amatenga nzeru yomweyo kupita nayo pa njinga, ndipo imawapweteka. Phulusa lonyowa lili m'gulu lomwelo la soda. Mchenga umakumba mizere yakuya. Waya wachitsulo umasiya tizidutswa take tobayika mu aluminiyamu, ndipo mvula ikagwa timachita dzimbiri, mwini n'kumadabwa kuti madontho ofiira achokera kuti pa chinthu chomwe amati sichichita dzimbiri.

Poto amakwechedwa mawa lomwe. Njinga imayenda ndi zipserazo.

Pali chinanso chomwe dziko la kopa liyenera kudziwa. Aluminiyamu ndi kopa zikakhudzana pamalo onyowa, wodyeka ndi aluminiyamu. Kawaya ka kopa komwe mwamangira chinthu cholendewera pa injini kangasiye chilonda nyengo ya mvula ikamatha. Mabawuti achitsulo nawo amamera mizu m'mabowo a aluminiyamu ngati sanapakidwe kagirizi, ndipo makanika wokakamiza amatha kutuluka ndi mazinga a bowolo.

Ntchito yeniyeni yowalitsa ilibe chinsinsi. Ili ndi ndondomeko, ndipo imafuna munthu wosapupuluma.

Sandipepa ali ndi manambala kumbuyo. Nambala ikakhala yaing'ono, ndi wokhakhala. Ikakula, ndi wosalala. Chipangizo chodyeka kwambiri chimayambira pa 400 kapena kutsikirapo pang'ono. Kenako 600, 800, 1000, 1500, mpaka 2000, onse monyowetsa kuti sandipepa asatsekeke ndi ufa wa aluminiyamu. Nambala iliyonse ntchito yake ndi kufafaniza mizere ya nambala yapitayo. Odziwa amasintha mbali yokwechera akasintha nambala, kuti mizere yakale ikatsala ionekere yopingasa.

Wodumpha nambala amadzinamiza yekha. Kuchoka pa 400 kulumphira pa 1500 kumatulutsa chinthu chowala patali, koma chodzala mikwingwirima mukachiyandikira.

Pomaliza ndi polishi. Ambiri amatchula Autosol, wa m'kachubu wochokera ku Solingen ku Germany. Ena amagwiritsa ntchito Brasso chifukwa ndi amene anakulira naye, ngakhale kuti iyeyo anatchuka pa zinthu za mkuwa. Amene ali ndi makina amamangirira gudumu la nsalu pa mota, n'kulipaka mtanda wa polishi wouma: wofiirira poyamba, woyera pomaliza. Akatha, amatsuka zotsalira n'kupaka phula lija lotetezera utoto wa galimoto, kuti mpweya ndi madzi zichedwe kufika pa chitsulo.

Si aluminiyamu yense amene amavomera kukhala kalilole. Zivundikiro za injini ndi zoumba m'chikombole, ndipo aluminiyamu wake amasakanizidwa ndi silikoni kuti ayende bwino ali wamadzi. Zotere zimawala motuwirako, ndipo nthawi zina mukakwecha kwambiri mumavundukula timabowo ta mpweya tomwe tinabisala m'kati. Mukafika pamenepo, kupitiriza n'kungokumba.

Chaka cha 2024 chinabweza ambiri ku ntchito ya manja. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthana, madera ambiri n'kumakhala mumdima gawo lalikulu la tsiku. Owotcherera, ometa ndi opala zitsulo ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira maola ochepa omwe magetsi abwera. Gudumu la nsalu linaima. Ntchito ya ola limodzi pa makina inkadya tsiku.

Makinawo ali ndi zoopsa zake, ndipo m'magalaja a m'mbali mwa msewu sizikambidwa mokwanira. Gudumu likakola m'mphepete mwa chipangizo limachikwatula m'manja n'kuchiponya. Likakola mkono wa malaya limakoka ndi dzanja lomwe. Fumbi lake limalowa m'mphuno ndi m'chifuwa, ndipo wogwira ntchito tsiku lonse popanda chophimba amamina zakuda madzulo.

Fumbi la aluminiyamu limayakanso. Pa 2 Ogasiti 2014, mumzinda wa Kunshan pafupi ndi Shanghai ku China, fakitale yowalitsa mawilo a aluminiyamu a magalimoto inaphulika chifukwa cha fumbi lomwe linaunjikana. Anthu 146 anafa. Galaja ya pansi pa mtengo singafike pamenepo, koma kachipinda kotseka momwe wina akupala aluminiyamu pomwe mnzake akudula chitsulo ndi galayinda, mbaliwali za moto zikuuluka, si malo oseweretsa. Ufa wa aluminiyamu wosakanikirana ndi dzimbiri la chitsulo ukagwira moto umatentha koopsa, ndipo kuuthira madzi kungawonjezere ngozi.

Kumayadi nkhani yake ndi ina.

Kuseri kwa mipanda yaitali ya ku Kabulonga ndi Woodlands, madera omwe m'nthawi ya atsamunda anali a azungu pomwe Kabwata inali ya antchito achikuda, kuli njinga zomwe sizinyamula katundu wa munthu. Zimatuluka Lamlungu m'mawa, mumazimva zisanaoneke, zikulunjika ku Leopards Hill Road, ku Kafue kapena kutsetserekera ku Siavonga. Zina ndi zothamangira m'matope, zomwe zimapita ku mipikisano zitakwezedwa pa ngolo. Pa zambiri mwa zimenezi maginito amagwa ngakhale pa fulemu.

Fulemu ya aluminiyamu si yakale kwenikweni. Suzuki ndi amene anaifikitsa kwa ogula wamba ndi RG250 Gamma mu 1983, kenako GSX-R750 mu 1985. Yamaha anabwera ndi fulemu yake yotchedwa Deltabox, mizati iwiri yokhuthala yokumbatira injini. Pa njinga za m'matope, Honda anayamba ndi CR250R mu 1997, ndipo ena anatsatira. Mizati yotambalalayo ndi imene inakopa anthu: malo aakulu, osalala, oitana nsanza.

Njinga zambiri zoterezi zimafika kuno zitagwirako ntchito kwina, ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa, n'kulowera pa Nakonde, Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021. Zochokera ku maiko a chisanu zimabwera ndi matenda a kwawo: ufa woyera pansi pa injini, m'makona a fulemu ndi kuzungulira mabawuti, chizindikiro cha mchere wa m'misewu. Zina zimaonjezera mphepo ya m'nyanja pa ulendo wa pa sitima.

Mwini watsopano amafuna kufafaniza mbiri yonseyo. Ndipo apa eni njinga amagawikana. Ena amati sendani khungu la ku fakitale, fulemu iwale mpaka munthu azipesa tsitsi poyang'anamo. Ena amati musayerekeze, chifukwa khungulo ndi lomwe lasunga fulemu zaka zonsezi, ndipo kulibwezera n'kovuta ndi kodula.

Ine ndili ku mbali ya achiwiriwa. Fulemu yowalitsidwa ndi yokongola, sindikana, koma ndi ya munthu yemwe ali ndi galaja yotseka, nthawi, kapena wantchito womupukutira. Ulendo umodzi wa mu Januwale kudutsa m'zithaphwi za ku Kamwala ndi wokwanira kuizimitsa. Othamanga m'matope ambiri sadzivutitsa n'komwe: nsapato zawo zimakwecha fulemu pa mpikisano uliwonse, choncho amangoitsuka n'kuipesa ndi kasiponji kokhakhala kobiriwira, mbali imodzi, kuti ikhale yoyera mofatsa.

Pali malo omwe sandipepa sayenera kufika, kaya njinga ndi ya ku Kabulonga kapena ya ku Kabwata.

Powotcherera ndi poyamba. Mizere yotukuka yomwe imalumikiza zigawo za fulemu ena amaiona ngati chilema n'kuisalaza. Kutero n'kuchotsa nyama pamalo pomwe pamanyamula katundu wambiri. Aluminiyamu amatopa akamagwedezeka nthawi yaitali, ndipo mng'alu umakonda kuyambira pafupi ndi powotcherera. Fulemu yopyapyalitsidwa ikakumana ndi maenje a m'misewu yathu, mapeto ake sakhala abwino.

Zipsepse za injini ndi pachiwiri. Ntchito yake ndi kutaya kutentha, ndipo chitsulo chonyezimira chimataya kutentha pang'ono poyerekeza ndi chakuda kapena chokhakhala. Zimafuna burashi ndi madzi kuti matope asatsekemo, basi.

Mabuleki ndi pachitatu. Polishi ndi phula zikadontha pa mbale ya buleki kapena pa tayala, njinga imawala koma siima.

Ndipo pali manambala. Nambala ya fulemu ndi ya injini zimadindidwa pa chitsulo, ndipo ndi zomwe zimalembedwa m'mapepala a njinga a ku RTSA. Wokwecha mwachangu akhoza kufafaniza chilembo chimodzi osafuna. Tsiku lomwe wapolisi kapena wogula adzawerame n'kupeza nambala yosaoneka bwino pamalo osalala mokayikitsa, simudzamuuza za polishi. Adzaganiza za njinga yakuba.

Kuwala kumagulitsa, ndipo ogulitsa njinga zakale amadziwa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp zithunzi zimajambulidwa njinga itangotsukidwa, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Wogula wosazindikira amaona injini yonyezimira n'kuganiza kuti m'kati namonso muli bwino. Koma mkono wa munthu ndi chubu chimodzi cha polishi zimatha kubisa zaka zambiri za oyilo wosasinthidwa. Ena amafika pomata mng'alu ndi guluu wa zitsulo n'kupoperapo utoto wasiliva.

Makanika wochenjera amayang'ana komwe nsanza sifika: pansi pa injini, kuseri kwa giya yaing'ono ya tcheni, pa mitu ya mabawuti ngati inabudulidwa ndi sipanala yolakwika. Amaliza injini ili yozizira n'kumvetsera. Akaona mbali imodzi yowala kuposa inzake, amafunsa ngati njingayo inagwapo.

Komabe sindingapeputse mnyamata wopukuta njinga yake m'mawa uliwonse. Ambiri mwa operekera katundu njinga si zawo. Ndi za bwana yemwe amafuna ndalama yake pa sabata, kapena akuzilipira pang'onopang'ono. Mlonda wa pa geti ku Kabulonga amayang'ana njinga ndi nsapato asanatsegule. Mayi wolandira chakudya amayang'ana bokosi. M'tauni momwe anthu amapaka polishi pakhonde ndi pa nsapato asanatuluke, njinga yauve imanena zambiri za mwini wake.

Palinso phindu lina lomwe silikhudza maso a anthu. Munthu wotsuka injini ndi manja ake ndi amene amayamba kuona kadontho ka oyilo pomwe panalibe, bawuti yomwe yayamba kumasuka, sipoko yoduka, kamng'alu kopyapyala pa chogwirira cha buleki. Pa injini yokutidwa ndi matope ndi girizi zonsezi zimabisala mpaka tsiku lomwe njinga idzaime pakati pa Great East Road. Kwa wantchito, ukhondo wa mlungu ndi mlungu ndi kapolishi ka apo ndi apo zikukwana. Kalilole amusiyire wa Lamlungu.

Zambia imakumba kopa, koma aluminiyamu yense yemwe ali pa njingazi ndi wobwera. Amachokera ku dothi lotchedwa bauxite, lomwe dziko la Guinea lili nalo lochuluka zedi. Pa phiri la Mulanje ku Malawi liliponso, koma silinakumbidwe. Kumusungunula kuchoka ku dothilo kumadya magetsi ochuluka, n'chifukwa chake mafakitale ake amamangidwa komwe kuli magetsi ambiri ndi doko, monga Mozal pafupi ndi Maputo, yomwe inayamba ntchito mu 2000, ndi Hillside ku Richards Bay.

Kusungunula aluminiyamu wakale kumangofuna pafupifupi magawo 5 pa 100 a mphamvu imeneyo. Choncho chivundikiro chosweka sichigona pa dzala. Anyamata oyenda ndi mawilibala ogula zitsulo zakutha amachisiyanitsa ndi chitsulo wamba, ndi maginito omwe aja, chifukwa mtengo wake pa kilo ndi wokwera. China chimapita kwa ogula aakulu a ku dera la mafakitale. China chimathera m'makomboni, komwe amisiri amachisungunula pa ng'anjo ya makala, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 660, n'kuchithira m'zikombole za mchenga kupanga mapoto okhuthala aja ophikira pa maliro ndi pa maukwati.

M'ng'anjomo mumalowa zambiri: mapisitoni, zidutswa za mawilo, zitini, nthawi zina ndi zinthu zokhala ndi mtovu. Ofufuza omwe anayeza mapoto opangidwa motere ku Cameroon ndi m'maiko ena anapeza kuti ena mwa iwo amatulutsa mtovu pophika, makamaka chakudya chikakhala chowawasa. Wogula poto wotere pa Soweto Market ali ndi chifukwa chofunsira kuti anaumbidwa ndi zotsalira za chiyani.